Kuchokera ku Chisamba Kufika ku Sikelo: Mbiri ya Kusamala Pakati ku Dedza

M'mapanga a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, muli zithunzi zimene ofufuza amati zinkagwira ntchito pa chinamwali cha atsikana. Koma chilangizo cha anamkungwi a m'mapiri a Dedza sichinkathera pa kutha msinkhu. Mtsikana akaima koyamba, amayi akuluakulu ankamuchitira chisamba. Apa m'pamene ankamva malamulo a pakati: asadye mazira, mwana angabadwe wopanda tsitsi, asaime pakhomo, mwana angadzachedwe kutuluka. Mwamuna nayenso ankauzidwa zake. Akayenda ndi mkazi wina, adula mkazi wake pamodzi ndi mwana ali m'mimbayo, ndipo mdulo ukalowa m'nyumba, achibale ankafuna kudziwa amene waubweretsa.

Makolowo anaona chinthu choona, kuti zimene zikuchitika m'thupi la mayi zimafika kwa mwana. Chopweteka n'chakuti mwana akabadwa ndi vuto, mlandu unkafuna mwini. Mwana wofika zaka zitatu osayankhula, osayang'ana anthu m'maso, wongozungulira pamalo amodzi, anthu ankanong'onezana kuti walodzedwa, kapena kuti bambo ake anamukhwimira kuti alemere. Manong'onong'o amenewa sanathe m'midzi mpaka lero.

Madokotala a kunja nawonso anagwa m'mbuna yomweyi. Leo Kanner wa ku Baltimore atafotokoza mu 1943 vuto la autism, lomwe zizindikiro zake ndi zonga zimenezi, kunafala maganizo akuti gwero lake ndi amayi ouma mtima, osafungatira ana awo, ndipo katswiri wina wa zamaganizo, Bruno Bettelheim, anawalimbikitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1960. Amayi ambirimbiri anasenza mlandu wabodza.

Chimene chinathandiza kusintha maganizo ndi mliri. Mu 1964 ndi 1965 matenda a rubella, ofanana ndi chikuku koma osaopsa kwa munthu wamkulu, anasakaza dziko la America, ndipo ana pafupifupi 20,000 anabadwa osamva, osaona kapena ndi vuto la mtima. Dokotala wina wa ku New York, Stella Chess, anayeza ana 243 mwa amenewa. Mu 1971 analengeza kuti 10 anali ndi autism, enanso 8 anali ndi zina mwa zizindikiro zake. Chiwerengerochi chinaposa kutalitali chimene chinkadziwika mwa ana ena nthawiyo. Apa zinaonekeratu kuti matenda ogwira mayi ali ndi pakati angathe kukhudza ubongo wa mwana.

Kuyambira pamenepo ofufuza akhala akufunsa ngati wolakwa ndi kachirombo kokha, kapena ngati nkhondo imene chitetezo cha m'thupi la mayi chimamenya nayonso imasiya zipsera. Ku Finland, kumene amasunga magazi a amayi a kusikelo kwa zaka zambiri, Alan Brown ndi anzake anayeza CRP, chizindikiro chimene chimakwera m'magazi thupi likamalimbana ndi matenda. Mu 2014 anapeza kuti amayi amene CRP yawo inali yokwera kwambiri kumayambiriro kwa pakati ankabereka ana a autism mochulukirapo. Patangopita zaka ziwiri, kafukufuku wa ku California anapeza zosiyana ndi zimenezo. Nkhaniyi ikadali pa mtsutso, ndipo kafukufuku wa ana amapasa amasonyeza kuti gawo lalikulu la autism ndi la kumtundu. Amayi ochuluka amene anatentha thupi ali oyembekezera amabereka ana opanda vutoli.

Ku Dedza, chipatala chinafika ndi amishoni, monga ansembe a White Fathers amene anakhazikika ku Mua, kunsi kwa phiri, mu 1902. Komabe kwa zaka zambiri amayi ochuluka ankachirira m'manja mwa azamba. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, Bingu wa Mutharika n'kufewetsa chiletsocho mu 2010, koma mafumu ambiri anapitiriza kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku mayi akachirira kumudzi. Mfumu yodziwika kwambiri pa nkhondo yothetsa kuchirira kumudzi inali Kwataine wa ku Ntcheu, boma loyandikana nalo.

Kusikelo, mdani woyamba amene dziko linalimbana naye ndi malungo, osati chifukwa cha autism koma chifukwa amamaliza magazi a mayi ndi kuchepetsa thupi la mwana wobadwayo. Kafukufuku wa ku Mangochi wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti chloroquine wayamba kulephera. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya mankhwalawa n'kuyamba Fansidar, ndipo amayi apakati anayamba kumwetsedwa mapiritsiwa ngakhale asakudwala. Kumtunda kozizira ngati ku Bembeke udzudzu ndi wochepa, koma mayi wa ku Mtakataka kapena ku Golomoti, ngakhalenso wa kuphiri amene watsikira kuchigwa kukagula nsomba, sangagone kunja kwa neti. Mu 2011 Malawi anayambanso yekha njira ya Option B+, yopatsa ma ARV mayi aliyense wapakati wopezeka ndi HIV kwa moyo wake wonse.

Katemera wa rubella anachedwa kwambiri. Anafika mu 2017, ataphatikizidwa ndi wa chikuku, patapita zaka 46 chilengezereni Chess zimene anapeza. Atsikana amene anabayidwa m'masukulu a ku Dedza chaka chimenecho, ena mwa iwo ndiwo akuyamba sikelo panopa, ali otetezedwa ku matenda amene amayi awo analibe katemera wake. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi chisamaliro cha mwana amene wabadwa kale ndi autism. Akatswiri odziwa kuyeza vutoli ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda, choncho mayi wa ku Linthipe kapena ku Kasumbu amayamba wazungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero asanakumane ndi munthu womuuza kuti sanalakwe chilichonse.