Kucokera ku Galimoto ya Waya Kufika ku Galimoto ya Nitro



Loweruka lina, titatha kuphunzira nyimbo za kwaya ku chalichi kwathu ku Kabwata, mnyamata wina wa m'gulu lathu anandiitanira pambali. Anandionetsa pa foni kagalimoto kotalika ngati mkono, koyendetsedwa ndi wailesi, kakuthamanga pa tara uku kakutulutsa utsi ndi kulira ngati mavu oputidwa. Anati amalume ake ali ku Johannesburg ndipo adzatsikira pa Intercity mu Disembala, tsono iye afuna kuwatumizira ndalama zimene wakhala akusunga caka cathunthu kuti amugulire kamodzi. Funso lake linali limodzi lokha: "Akulu, nanga kothamanga kupambana tonse ndi kati?"

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo. Ndinayamba ndafufuza, ndipo ndinapeza kuti tigalimoto timeneti tili ndi mbiri yaitali, imene mbali yake ina inacitikira m'makomboni athu omwe ano. Ndifuna ndikusimbireni mbiriyo, cifukwa iphunzitsa kuti posankha galimoto yotere, liwiro lolembedwa pa bokosi liyenera kukhala funso lomalizira.

Galimoto ya mwana wa mu Lusaka

Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Atsamunda anaugawa mzindawu. Azungu anakhala ku Ridgeway, ndipo pambuyo pake ku Woodlands ndi ku Kabulonga, pamene anchito acikuda anapatsidwa malo monga Kabwata ndi Kamwala. Tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu tija mutiona pa Kabwata Cultural Village ndi totsalira ta nthawi imeneyo. Galimoto inali ya bwana, ndipo mwana wa m'komboni anali kungoiona ikudutsa.

Koma funsani atate anu kapena agogo anu, adzakuuzani kuti mwanayo sanakhale manja lende. Anatola waya wokhuthala wa mpanda napinda thupi la galimoto. Anamanga mfundo zake ndi waya wofewa wa kopa kapena ndi mphira wa chubu cakutha. Mawilo anali zitini za polishi ya nsapato kapena zitsekerero za mabotolo. Kenaka anaika ciongolero cacitali cofika m'ciuno, cimene ukacipotoza, mawilo akutsogolo anali kukhota ndithu. Umenewu unali umakanika weniweni, wophunziridwa popanda buku.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, dziko lathu linasowa ndalama zakunja. Makolo anali kuima pa mizere kufuna sopo, shuga ndi saladi, motero zidole za kunja panalibe woziganizira. Ana anapitiriza kupinda mabasi a UBZ, ma Land Rover, ndi ma Fiat amene anali kulumikizidwa ku Livingstone. Luso limeneli linali ponseponse m'cigawo cathu, kotero kuti mu 1990 mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana lochedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi amene ayendayenda kufunafuna waya.

Pambuyo pa 1991, boma litatsegula malonda, tigalimoto ta pulasitiki tinadzaza masitolo a ku Kamwala. Tinali tokongola, koma tikathyoka tinali kupita kudzala. Ya waya ikapindika, mwini wake anali kuiongola pomwepo. Kusiyana kumeneku mukusunge, cifukwa tidzakubwerera.

Zimene zinali kucitika kutsidya kwa nyanja

Pamene ana athu anali kupinda waya, kutsidya kwa nyanja anthu ena anali kufuna njira yoongolera cidole popanda kucigwira. Kale mu 1898, Nikola Tesla anaonetsa anthu a ku New York kabwato koyendetsedwa ndi mafunde a wailesi. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Ray Arden wa ku America anafalitsa kapulagi kochedwa glow plug, kamene kanapeputsa mainjini ang'onoang'ono a tindege toseweretsa. Mkati mwake muli kawaya ka platinum. Ukakatenthetsa kamodzi ndi batire, kamakhalabe kofiira cifukwa ca mafuta a methanol amene akakhudza, ndipo injini imapitiriza kulira yokha.

Mu 1966 kampani ya ku Italy yochedwa El-Gi inatulutsa kagalimoto ka wailesi kofanana ndi Ferrari 250LM. Mu 1967 okonda masewerawa ku America anakhazikitsa bungwe la ROAR. Ambiri a iwo anali kutenga injini za tindege ndi kudzipangira okha thupi la galimoto m'magaraji mwawo. Kodi simuona kuti anali abale ake a mwana uja wa ku Kabwata? Anangosiyana zipangizo. Ku Leicester, m'dziko la England, kampani ya Mardave inayamba kugulitsa tigalimoto ta nitro kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1976 Tamiya ya ku Japan inatulutsa Porsche 934 yoyendera batire. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unacitikira ku Pomona, California, mu 1977, ndipo unali wa galimoto za nitro za pa tara, zocepa kasanu ndi katatu poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Mu 1979 panabadwa bungwe la IFMAR, loyang'anira mipikisano ya dziko lonse.

Masiku amenewo unali kugula galimoto ili zidutswazidutswa m'bokosi, nuimanga wekha. Kampani ya Traxxas, imene inayamba mu 1986 ku Texas, ndiyo inachukitsa zomangiratu, zongotulutsa m'bokosi ndi kuyendetsa. Mawailesi nawonso anasintha. Akale aja a 27 MHz anali kusokonezana anthu awiri akakhala pa nambala imodzi, koma ca m'ma 2005 panafala a 2.4 GHz, amene sasokonezana.

Kwa zaka zambiri nitro ndiyo inali mfumu ya liwiro. Koma mabatire a LiPo ndi mamota a brushless atabwera, zinthu zinatembenuka. Mu 2011 Traxxas inatulutsa XO-1, yamagetsi, yofika makilomita 160 pa ola. Mu 2014 Nic Case anathamangitsa yake, yamagetsinso, makilomita 325 pa ola. Motero yankho loona kwa mng'ono wanga uja ndi lakuti kothamanga kupambana tonse si ka nitro ayi. Wosankha nitro lero aisankha cifukwa akonda kulira kwa injini, fungo la utsi, ndi nchito ya manja.

Walira mvula walira matope

Tsono ngati mtima wanu uli pa nitro, dziwani cimene mukuitana. Galimoto za pa tara zodziwika zili mitundu iwiri. Ya 1/10 ili ndi injini ya 2.1 cc pa mipikisano, ndi thanki ya 75 cc. Ya 1/8 ili ndi injini ya 3.5 cc ndi thanki ya 125 cc, ndipo pa msewu woongoka imapitirira makilomita 100 pa ola. Injini zimenezi zimazungulira koposa ka 30,000 pa mphindi imodzi. Ya 1/8 anaipangira akatswiri a mpikisano. Woyamba kumene angacite bwino ndi ya 1/10.

Coyamba, ganizirani za mafuta. Injini iyi siimwa petulo wa pa filing'i sitesheni. Imamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane, kawirikawiri magawo 10 kufika 30 pa 100, ndiponso oilo. Mafutawa ndi poizoni, ndipo methanol akayaka masana moto wake suoneka bwino. Saloledwa m'cikwama ca pa ndege. Ukasiya botolo lotsegula, amayamwa cinyezi naonongeka. Thanki imodzi imatha m'mphindi zocepa. Musanatumize ndalama, pezani coyamba kumene mudzagula lita yaciwiri ndi yacitatu.

Caciwiri, ganizirani za malo. Galimoto ya pa tara imakhala mamilimita ocepa cabe kucokera pansi, kotero kuti kamwala kamodzi kakhoza kuigudubuza. Kodi kwanu ku Chelstone kapena ku Chilenje kuli tara wosalala, wosesedwa, wopanda maenje ndiponso wopanda anthu? Pa makilomita 100 pa ola, kagalimoto kamadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Kakhoza kutha utali wa bwalo la mpira masekondi anai asanakwane. Cinthu colemera makilogalamu awiri cikamenya mwendo wa mwana pa liwiro lotero, si masewera ayi. Msewu wa Great East kapena wa Leopards Hill si malo ake, ngakhale pa Sondo m'mawa. Ndipo onetsetsani kuti wailesi yake ili ndi fail-safe, cipangizo cimene cimagwira mabuleki galimoto ikaleka kumva wailesi.

Cacitatu, ganizirani za fumbi ndi mpweya wa kuno. Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala likalowa m'injini limaipala ngati mcenga, conco sefa ya mpweya iyenera kutsukidwa ndi kupakidwa oilo kawirikawiri. Komanso Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo. Muyenera kuphunzira kupotoza tisingano ta kabyuleta kuti mafuta ndi mpweya zilingane. Mukacepetsa mafuta mopitirira, injini imathamanga bwino kwa kanthawi, kenaka imapsa, pakuti oilo wake amabwera pamodzi ndi mafutawo.

Cacinai, ganizirani za kudekha. Injini yatsopano siithamangitsidwa tsiku loyamba. Imayendetsedwa pang'onopang'ono kwa mathanki angapo kuti pisitoni izolowerane ndi nyumba yake. Wothamangira kuonetsa anzake tsiku lomwe yafika, adzaiika pa kabati sabata lomwelo.

Cacisanu, ganizirani za masipeyala. Mapulagi amapsa, matayala amatha, timikono togwira mawilo timathyoka. Sankhani mtundu wodziwika, monga Kyosho, Traxxas kapena HPI, mutatsimikiza kuti zitsulo za galimoto imeneyo zikali kupangidwa ndipo pali njira yozifikitsira kuno. Apa ndi pamene tibwerera ku kusiyana kuja. Galimoto ya nitro ndi mdzukulu wa ya waya, pakuti ifuna mwini wodziwa kukonza. Ikagwa m'manja mwa munthu amene afuna kungosewera, idzatsata ya pulasitiki kudzala, koma itadya ndalama za caka cathunthu.

Phunziro la akatswiri athu

Ife a m'Zambia sitifunika kupita kutali kuti tiphunzire za liwiro. Satwant Singh anakhala katswiri wa rally wa Africa yonse kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. Muna Singh anatenga ulemu womwewo mu 2004 ndi 2005. Pa rally, galimoto imene yathamanga koposa pa cigawo coyamba koma yafera m'chire pa caciwiri siiwerengedwa. Wopambana ndi amene wafika kumapeto, ndipo kumbuyo kwake kuli amakanika ogona mocedwa akumanga mabauti. Akulu akale sananame ponena kuti kuthamanga sikufika.

Ambuye Yesu anaphunzitsanso zofanana pa Luka 14:28-30, m'fanizo la munthu amene anayamba kumanga asanawerengere ndalama zake, nasanduka coseketsa pamene nsanja inaima pa maziko. Iwo anali kunena za mtengo wa kuwatsata, umene uli waukulu kuposa wa cidole ciliconse. Koma amene aphunzira kuwerengera pa zazing'ono, sadzavutika pa zazikulu. Kukonda masewera otere si chimo. Akhoza kukutsegulirani njira ya umakanika ndi uinjiniya, makamaka mukasonkherana m'gulu, nimugula imodzi, nimuphunzira pamodzi kuimasula ndi kuimanga. Coipa ndi kugula cifukwa cofuna kuti anzanu akuoneni, pamene ndalama ya mayeso a mlongo wanu siinalipiridwe.

Mng'ono wanga uja ndinamupatsa mafunso asanu amenewa pa pepala. Atatu anayankha. Pa funso la mafuta ndi la malo anangokanda kumutu. Ndalama zake akali nazo, ndipo anandiuza kuti adzalembera amalume ake akapeza mayankho awiri otsalawo.

Zokambirana m'gulu lanu

1. Ndani pakati panu anapangapo galimoto ya waya? Anaphunzirapo ciani cimene cimuthandiza lero?
2. Chulani cinthu cimodzi cimene munagula cifukwa ca kukongola kwa bokosi. Cili kuti tsopano?
3. Werengani Luka 14:28-30. Kodi ndi zinthu ziti zimene wacinyamata wa mu Lusaka ayenera kukhala pansi ndi kuwerengera asanaziyambe?

Ambuye akudalitseni nonse pamene mukambirana.