Mmene kutupa kwa m'kati mwa dzino kumabweretsera ululu

Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikutu choyera chotchedwa enamel, chomwe ndi cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi. Pansi pake pali gawo lotchedwa dentine, lokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Pakati penipeni pali kanyama kofewa kamene madokotala amati pulp, momwe muli mitsempha ya magazi ndiponso mitsempha yotumiza uthenga ku ubongo.

Shuga wotsalira m'kamwa ndi chakudya cha mabakiteriya. Mabakiteriyawa amatulutsa asidi yemwe amadya chikutu cha dzino mpaka kulibowola. Akayandikira kanyama ka m'kati, thupi limatumizako magazi ambiri ndi maselo olimbana ndi matenda, ndipo kanyamako kamatupa. Chala chikatupa, khungu limatamuka, koma kanyamaka kazunguliridwa ndi khoma losasunthika, choncho kutupako kumapanikiza mitsempha. Nthawi yomweyo maselo ovulala amatulutsa mankhwala monga prostaglandin ndi bradykinin, omwe amachititsa mitsempha kumva ululu ngakhale pa chinthu chaching'ono.

Mitsempha yomva ululu m'dzino ndi yamitundu iwiri. Ya mtundu wa A-delta imatumiza uthenga mwaliwiro, ndipo ndiyo imabweretsa ululu wolasa munthu akamwa madzi ozizira. Ya mtundu wa C imatumiza mwapang'onopang'ono, ndipo ululu wake ndi wogunda ndiponso wokhalitsa. Ululu woterewu umakula usiku chifukwa munthu akagona, magazi amapanikiza kwambiri m'dzinomo.

Uthengawu umadutsa mu mtsempha waukulu wa nkhope wotchedwa trigeminal, womwe uli ndi nthambi zitatu: ya kumaso ndi pamphumi, ya nsagwada yam'mwamba, ndi ya nsagwada yam'munsi. Umafika kutsinde kwa ubongo, kenako kumtunda kwake, komwe munthu amazindikira kuti akumva kuwawa. Popeza nthambizi zimakumana, ululu wa dzino limodzi umatha kumveka m'khutu kapena m'mutu, ndipo wodwala nthawi zina amaloza dzino lolakwika.

Ululu ukatha msanga choziziracho chikachoka, dzino limatha kuchira likamatidwa kuchipatala. Koma ululu woyamba wokha ndi wokhalitsa umasonyeza kuti kanyamako kawonongeka kwambiri. Ukasiya mwadzidzidzi patapita masiku, kawirikawiri ndiye kuti kanyamako kafa, koma mabakiteriya akadalimo. Amatha kutsikira kumuzu, kupanga mafinya ndi kutupitsa tsaya.

Mankhwala monga ibuprofen amachepetsa prostaglandin, motero amaziziritsa ululu, koma satseka bowo. Aspirin asaikidwe padzino chifukwa amawotcha nkhama. Aliyense amene dzino lamuwawa kupitirira masiku awiri akaonane ndi dokotala wa mano. Wotupa nkhope, wotentha thupi kapena wovutika kumeza ndi kupuma apite kuchipatala tsiku lomwelo.