Sitima za Nkhondo pa Nyanja ya Nyasa

Mwana wa m'Matero kapena m'Kanyama amene makolo ace anacokera ku Nyasaland angadabwe kumva kuti nyanja ya kwao inali ndi sitima za nkhondo. M'caka ca 1893 Angerezi anaika pamadzi sitima ziwiri, Adventure ndi Pioneer, kuti zithane ndi ngalawa za ogula akapolo. Popeza zinali zazing'ono, mu 1899 anatsitsira m'madzi ina yaikuru ku Fort Johnston, dzina lace Guendolen. Zitsulo zace zinadzera m'Zambezi ndi m'Shire, ndipo pa mathithi amtengatenga anazisenza.

Komatu sitima siyenda yokha. Azungu oyang'anira anali owerengeka. Amalinyero, osonkha moto ndi otema nkhuni anali anthu a m'mbali mwa nyanjamo. Ndiwo anaiyendetsa mu August 1914, pamene Kapitao Rhoades anaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, iri pamtunda ku Sphinxhaven, nailemaza.

Guendolen itakalamba, anaiphwasula m'zaka za m'ma 1940. Mzinga wace ulipo ku Mangochi, ndipo dzina la Rhoades liri m'mabuku, koma maina a amalinyero aja samveka.