Webley ya ku Maramba

Mu Livingstone muno muli mabanja amene akusungabe zinthu za nkhondo m'masutikesi achitsulo: mendulo, lamba, chipewa chodyeka ndi njenjete. Banja lina la ku Maramba, limene timapemphera limodzi, linandionetsa pisitolo yadzimbiri yosiyidwa ndi agogo awo, omwe ankaphikira bwana wina wa polisi. Iwo amati mfutiyo inapita nawo ku Schuckmannsburg mu Sepitembala 1914, pamene apolisi a Northern Rhodesia anawoloka Zambezi cha ku Sesheke n'kulanda boma la Ajeremani ku Caprivi popanda kumenyana.

Ulendowo unachitikadi. Livingstone ndiye anali likulu la dziko kuyambira 1911 mpaka 1935, ndipo likulu la apolisiwo linalinso muno. Koma mfuti imeneyi sinali paulendopo. Kumanzere kwake, m'munsi mwa chigubu cholowa zipolopolo 6, palembedwa WEBLEY MARK VI ndi chaka cha 1917. Mtundu umenewu, wosulidwa ku Birmingham ndi kampani ya Webley & Scott, asilikali a Britain anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1915. Ngakhale chakacho chikanafufutika, chogwirira chikanaulula: cha Mark VI n'chodulidwa mowongoka kunsi, pamene cha Mark V ya 1913 n'chokhota ngati mutu wa mbalame. Pali kachizindikiro ka muvi, kutanthauza katundu wa boma la Britain. Mivi iwiri yoyang'anizana nsonga ikanatiuza kuti boma linaigulitsa kwa munthu wamba. Pa iyi muvi ndi umodzi.

Nanga inayenda kuti? Mfuti ya 1917 ikanatha kufika kumpoto nkhondo ya Chiwaya (nkhondo yoyamba ya dziko lonse) isanathe, popeza Von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi ndipo anadzipereka ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Ikanathanso kugwira ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. N'zoona kuti mu 1932 Britain inasankha Enfield No. 2 ya zipolopolo za .38 m'malo mwa Webley ya .455, koma zakalezo sizinatayidwe. Northern Rhodesia Regiment, imene inapatuka ku apolisi mu 1933, inamenya nkhondo ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu Ogasiti 1940, kenako ku Burma. Chitsulo chimatchula chaka chimene chinasulidwa, sichitchula dzanja limene linachigwira. Mabwana ena ankadzigulira okha pisitolo m'masitolo monga Army & Navy ku London, ndipo mabuku a malonda a sitoloyo amasungidwa pa University of Glasgow, kotero nambala ya mfuti yogulidwa kumeneko ikhoza kutulutsa dzina. Ya boma, ngati iyi, kawirikawiri imatha pa nambala basi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti dzina likapezeka limakhala la mzungu. Pisitolo inali ya maofesala. Msilikali wakuda ankasenza mfuti yaitali, ndipo amtengatenga, amene anatengedwa m'midzi mwathu zikwizikwi kukanyamula ufa ndi zipolopolo mpaka ambiri kufera m'njira ndi njala ndi kamwazi, analibe chida chilichonse chodindidwa chaka. Agogo a ku Maramba aja anaipukuta mfutiyi, anainyamula m'katundu wa bwana, mwina anaipatsidwa potsanzikana. Mbiri yawo ili m'kamwa mwa adzukulu mokha. N'chifukwa chake sindinanyoze nkhani ya Schuckmannsburg. Kutheka kuti mkuluyo anapitadi mu 1914, mfuti n'kudzabwera pambuyo, ndipo pofotokozerana zinthu ziwirizi zinasakanikirana.

Ngati kwanu kuli chida chotere, musachikwechese ndi sandipepa, chifukwa zilembo zimapita limodzi ndi dzimbiri, ndipo musayese n'komwe kuchiwomba. Kusunga mfuti popanda laisensi ndi mlandu m'Zambia, choncho kadziwitseni apolisi. Musanatero, jambulani zizindikiro zonse, khalani pansi ndi akuluakulu a pabanja mulembe zimene akukumbukira, dzina la agogowo, mudzi wawo ndi kumene anafika. Zolembazo kaperekeni ku Livingstone Museum, imene yakhala ikusunga mbiri ya dziko lino kuyambira 1934.