Malamulo Oteteza Mbuzi ndi Nkhumba ku Chifuwa Chachikulu m'Boma la Milange

Chifuwa chachikulu cha ziweto ndi nthenda yoyamba ndi tizilombo ta mtundu wa Mycobacterium, makamaka kotchedwa Mycobacterium bovis. Ambiri amaidziwa ngati nthenda ya ng'ombe, koma imagwiranso mbuzi, nkhumba, nkhosa ngakhalenso anthu. N'chifukwa chake malamulo oiletsa ali ofunika m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, lomwe lachita malire ndi boma la Mulanje ku Malawi. Kumeneko mabanja ambiri chuma chawo chili pa mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, osati pa ng'ombe.

Mmene imagwirira ziweto

Mbuzi imatenga nthendayi ikamagona khola limodzi ndi chiweto chodwala. Tizilomboto timakhazikika m'mapapo, mbuzi n'kuyamba kutsokomola, kuwonda pang'onopang'ono, mkaka n'kuchepa. Nkhumba nthawi zambiri imaitengera pakamwa, ikadya zam'kati za nyama yodwala kapena kumwa mkaka wake. Imatha kuoneka yonona bwinobwino mpaka tsiku loiphera, pamene anabere a m'khosi ndi apansi pa chibwano amapezeka ali ndi timibulu ta mafinya ouma. Nkhosa sizigwidwa kawirikawiri.

Lamulo la Mozambique

Za umoyo wa ziweto ku Mozambique zimayendera lamulo lotchedwa Regulamento de Sanidade Animal, lomwe linakhazikitsidwa ndi Decreto 26/2009 pa 17 Ogasiti 2009. Lamuloli limakhudza ziweto za mitundu yonse. Mwini ziweto akakayikira kuti m'khola mwake mwalowa nthenda yopatsirana, ayenera kudziwitsa a zaumoyo wa ziweto. Iwowo ali ndi mphamvu yotsekera ziwetozo pazokha, kuziyeza, kuletsa kuzisamutsa, ngakhale kulamula kuti zodwala ziphedwe. Wofuna kusamutsa ziweto ayenera kukhala ndi chilolezo cholembedwa, ndipo nyama yogulitsa iyenera kuyamba yaonedwa ndi woyeza nyama. M'boma, alimi amapeza alangizi a ziweto ku ofesi ya Serviço Distrital de Actividades Económicas, yomwe anthu amangoti SDAE.

Poyeza chiweto chamoyo, dokotala wa ziweto amabaya mankhwala otchedwa tuberculin m'chikopa, n'kubweranso patapita masiku ochepa kudzaona ngati pobayidwapo patupa. Kwa mbuzi amadikira maola 72. Ziweto zopezeka ndi nthendayi sazipatsa mankhwala ochizira, chifukwa kutero kumadya ndalama zambiri kwa miyezi yochuluka, komanso kumabweretsa ngozi ya kulimbitsa tizilomboto kuti tisamamve mankhwala.

Pa malire

Milange ndi Mulanje zalekanitsidwa ndi mtsinje wa Muloza, pomwe palinso chipata cha malonda. Ku mbali ya Malawi kuli lamulo la Control and Diseases of Animals Act la 1967, ndipo wolowetsa ziweto m'dzikomo amafunika chilolezo cha boma. Maiko onse awiri ndi mamembala a bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse la WOAH, lomwe kale linkatchedwa OIE. M'chaka cha 2017 bungweli linakonzanso malangizo ake a nthendayi, ndipo mbuzi zili m'gulu la ziweto zomwe malangizowo amakhudza.

Pomwe malamulowa amavutikira ndi pamudzi. Mbuzi ya paukwati kapena pamaliro imaphedwera kuseri kwa nyumba, nkhumba ya kanyenya imatumbulidwa popanda woyeza, ndipo ziweto zina zimawoloka malire pa njira zachidule zili pa njinga.

Kuopsa kwake kwa anthu

Munthu amatenga nthendayi pomwa mkaka wosawiritsa, popuma mpweya wa m'khola la ziweto zodwala, kapena posenda ndi kutumbula nyama ali ndi bala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekezera kuti m'chaka cha 2016 anthu 147,000 padziko lonse anadwala chifuwa chachikulu chochokera ku nyama, ndipo 12,500 anamwalira. Kachilombo ka Mycobacterium bovis sikafa ndi pyrazinamide, amodzi mwa mankhwala anayi oyambira pochiza chifuwa chachikulu. Kuwiritsa mkaka ndi kuphika nyama mpaka itapsa bwino kumapha tizilomboti.