Manja a machona pa miyala yokongoletsa minda ya olemera

Ku Holland, ku Germany, ku America ngakhale m'madera a anthu opata ku Johannesburg, munthu akamanga nyumba yapamwamba n'kudzala kapinga ndi maluwa, kawirikawiri amafunanso chinthu cholemera choti chiime pakati pa bwalo kapena pafupi ndi damu losambiramo. Ena amasankha chiboliboli cha mwala wakuda wonyezimira chochokera ku Zimbabwe: mayi wobereka mwana, mbalame yopinda khosi, kapena nkhope yotsinzina. Ogulitsa amazitcha ziboliboli za Chishona. Koma mwa anthu amene anayambitsa luso limeneli munali Achewa ndi Ayao, machona amene anapita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo kwathu kuno mayina awo samveka.

Nkhaniyi imayambira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Mu 1957 kunatsegulidwa nyumba ya zaluso ya Rhodes National Gallery, ndipo mkulu wake woyamba anali Frank McEwen, yemwe anakhala zaka zambiri ku Paris pakati pa akatswiri ojambula. Iye anayamba kupatsa anthu akuda utoto ndi zipangizo kuti azijambula. Kenako anakumana ndi Joram Mariga, mlangizi wa zaulimi wa ku Nyanga, amene ankasema tinthu pa mwala wofewa. Kuchokera pamenepo, mwala unalanda malo a utoto.

Mbali yathu inabwera ndi ndale. Pa 11 November 1965, Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu, analengeza kuti Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, yadzilamulira popanda chilolezo cha Britain, ndipo mayiko anayamba kukana kuchita naye malonda. Fodya anasowa msika. Mlimi wina wa kufupi ndi Guruve, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare, dzina lake Tom Blomefield, anaona kuti famu yake ikugwa ndipo antchito ake alibe kolowera. Mwayi unali pansi pa mapazi awo. Famuyo inali m'mphepete mwa Great Dyke, mzere wautali wa mapiri wodutsa pakati pa Zimbabwe, momwe muli mwala wa serpentine wambirimbiri. Crispen Chakanyuka, yemwe ankadziwa kale kusema, anamuonetsa Blomefield mwalawo ndi kagwiridwe kake, ndipo mu 1966 mudzi wa osema ziboliboli wa Tengenenge unabadwa.

Antchito a m'mafamu a chigawocho ambiri anali obwera: a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Ndiwo anatula makasu n'kutola hamala ndi tchizulo. Panali Leman Moses, Mchewa wa ku Malawi, amene nkhope zake zosema zinkakumbutsa zigoba za Gule Wamkulu. Panali Amali Malola, Myao wa ku Malawi, ndi Josia Manzi, wobadwira ku Zimbabwe konko kwa makolo a Chiyao. Panalinso Fanizani Akuda, Mchewa wobadwa mu 1932 ku Zambia, yemwe anayamba ndi ntchito yokumba miyala asanayerekeze kusema. Ziboliboli za Akuda sizisowa: mitu yobulungira, maso ong'ambika ngati njere ya khofi, milomo yoimba mluzu, banja lonse litaunjikana pamwala umodzi likumwetulira. Anamwalira mu 2011 ali wodziwika m'mayiko ambiri. Anthu awa ankasema limodzi ndi Ashona otchuka monga Henry Munyaradzi, Bernard Matemera ndi Sylvester Mubayi, ndipo aliyense ankabweretsa mizimu, nthano ndi miyambo ya kwawo.

Ntchito yake ndi ya thukuta. Wosema amayamba kugumula mwala ndi hamala ndi tchizulo mpaka thupi litaoneka, kenako amapala ndi tupa. Akatero amakwecha ndi sandipepa akuthira madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala kwambiri. Pa nthawiyi mwala umaoneka wotuwa ndithu, wosapatsa chidwi. Ndiye amauwotcha ndi moto mpaka utenthe, n'kuupaka phula kuti lilowe m'timing'alu, ndipo ukazizira amaupukuta ndi nsalu. Apo m'pamene kuda kapena kubiriwira kwa mwala kumatulukira. Osema aluso sapukuta paliponse. Amasiya tsitsi, chovala kapena msana wa chinyama uli ndi khungu lofiirira la mwala monga unachokera m'phiri, kuti kusalala ndi kukhakhala zizikangana pa chinthu chimodzi.

Chifukwa chake ziboliboli zimenezi zinayenerana ndi minda chili ku Tengenenge komweko. Kumeneko kunalibe zipinda zoonetseramo zinthu. Wosema aliyense ankaimika ntchito zake panja, pa zitsa za mitengo, pansi pa mitengo ya m'tchire, dzuwa ndi mvula zikuziwomba. Mlendo wobwera kudzagula ankaziona zili pakati pa udzu ndi masamba, ndipo m'maganizo mwake ankaona kale munda wa kunyumba kwake. Komanso miyala yolimba monga springstone siopa mvula monga mtengo uchitira, ndipo chiswe chilibe nayo ntchito.

Kutchuka kunja kunayamba ndi zionetsero zimene McEwen anakonza, makamaka cha ku Musée Rodin ku Paris mu 1971. Nkhondo yomenyera ufulu inazimitsa malonda, McEwen anachoka mu 1973, ndipo osema ambiri a ku Tengenenge anabalalika. Ufulu utabwera mu 1980 msika unadzukanso ndi mphamvu. Roy Guthrie, mwini wa Chapungu Sculpture Park ku Harare, ndiye anakankha kwambiri lingaliro loonetsa miyalayi m'minda ikuluikulu ya zomera: ku Kew Gardens ku London mu 2000, ku Missouri Botanical Garden mu 2001, ndipo mu 2007 ku Loveland m'chigawo cha Colorado kunatsegulidwa paki yokhala ndi ziboliboli zoposa 80. Anthu opeza bwino amene ankayenda m'minda imeneyi ankatuluka akufunsa mtengo, okonza mabwalo a nyumba nawo n'kuyamba kuziika m'mapulani awo. Mu 2007 momwemo Blomefield anasiya Tengenenge m'manja mwa Dominic Benhura, wosema wodziwika ndi ziboliboli za ana akusewera.

Msika ukakoma, otengera sachedwa. M'misewu ndi m'malo okopa alendo munadzaza ziboliboli zosemedwa mothamanga, zofanana zokhazokha, ndipo wogula wofuna chongodzaza pakona ya bwalo sankasamala kuti wasema ndani. Ichi ndicho chimandiwawa. Chiboliboli chikasanduka chokongoletsera chabe, dzina la mmisiri limatayika, ndipo amene amayamba kufufutika ndi mlendo uja amene ngakhale dzina la malonda loti Chishona silinamuwerengere.

Nafenso tili ndi mlandu. Nyumba zapamwamba zikumera ku Area 43, ku Namiwawa ndi m'mphepete mwa nyanja, koma eni ake ambiri amakonda kuimika mikango ya simenti pageti pamene osema a ku Mua ndi a m'misika ya ziboliboli ku Lilongwe ndi Blantyre akudikira alendo akunja. Inu amene mukumanga, gulani kwa wosema mwiniwake, mufunse dzina lake ndi kwawo, mum'lipire mtengo woyenera, ndipo mulembe dzinalo pansi pa chibolibolicho kuti alendo anu aziliwerenga.