Kachotsedwe ka mabanga a oyilo ndi girizi pansi pa simenti

Pa Mlangeni m'boma la Ntcheu, pomwe msewu wa M1 umalambalala malire a Malawi ndi Mozambique, mafuta sasowa pansi. Amakaniko amakhetsa oyilo pokonza galimoto ndi njinga zamoto, ndipo okazinga tchipisi cha mbatata ya kachewere amadontheza mafuta ophikira pakhonde. Kwa wochita lendi, banga lakuda m'galaja limabala mkangano ndi mwini nyumba. Komanso pansi pa mafuta pamaterera pakanyowa, moti munthu atha kugwa n'kuthyoka.

Simenti youma imaoneka yolimba ngati mwala, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tomwe timamwa mafuta pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kuthira madzi pa oyilo wongotayika kumene n'kulakwitsa: madzi sasakanikirana ndi oyilo, amangomumwaza kuti banga likule. Choyamba ndi kuyamwitsa mafutawo, kutsuka kumabwera pambuyo.

Oyilo akangotayika, pamalopo pathiridwe utuchi, phulusa lozizira, mchenga wouma kapena simenti yaufa. Zimenezi zipondedwe ndi nsapato kuti zilowe m'timabowo, zigone usiku wonse, n'kusesedwa m'mawa. Kenako pathiridwe sopo waufa ndi madzi otentha pang'ono, zipange phala, lomwe likhale mphindi 30 lisanakwechedwe ndi burashi yolimba. Madzi otentha ndi ofunika kwambiri kumalo ozizira ngati Mlangeni, poti mu June ndi July oyilo amalimba. Girizi yekha ayambe wapalidwa ndi kachitsulo kapena kathabwa.

Banga lakale limafuna kuleza mtima. Phulusa losefa kapena laimu zisakanizidwe ndi palafini mpaka zilimbe ngati phala. Phalalo limatidwe pabanga mochindikala ngati chala, livundikiridwe ndi pepala la pulasitiki kwa maola 24, kenako livundukulidwe kuti liume. Palafini amasungunula oyilo yemwe ali m'kati, ndipo phala likamauma limamukokera pamwamba. Banga la zaka zambiri limafuna kubwereza kawiri kapena katatu, ndipo nthawi zina chithunzi chake chimangozilala osatheratu.

Mafuta ophikira ndi osiyana ndi a injini. Ophikira amachokera ku mbewu monga soya ndi mpendadzuwa, ndipo akakumana ndi soda wopangira sopo amasanduka sopo n'kutsukika. Chidulo chowawa kwambiri chimathandizanso, ngakhale mphamvu yake ndi yochepa. Oyilo wa injini amachokera ku mafuta okumbidwa pansi ndipo sasanduka sopo, choncho soda payekha samuchotsa. Wogwiritsa ntchito sodayu avale magolovesi ndi kuteteza maso, poti amaotcha khungu.

Pali njira ziwiri zofala zomwe zili zoopsa. Petulo amasungunula oyilo msanga, koma mpweya wake ndi wolemera kuposa mpweya wamba: umayenda chapansipansi ndipo umayaka ukafika pa mbaula, ndudu kapena moto wa wowotcherera zitsulo. Asidi wa m'batire amadya simenti n'kusiya oyilo ali pomwepo, ndipo akasakanikirana ndi Jik amatulutsa mpweya wakupha. Ngakhale palafini amafuna zitseko zotsekula ndi moto uli kutali.

Utuchi ndi phulusa zoyamwa oyilo zisatayidwe m'ngalande, m'dimba kapena pafupi ndi mjigo, pakuti oyilo wakale amaipitsa madzi akumwa ndi nthaka yolimapo ndiwo zamasamba. Lamulo la Environment Management Act la 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limaletsa kuipitsa chilengedwe motero. Zinyalalazo zisungidwe m'chitini chotsekera.

Kupewa kumatsika mtengo. Chigubu chodulidwa pakati kapena katoni pansi pa injini zimalandira madontho asanafike pa simenti. Pansi patsopano pasiyidwe masiku osachepera 28 kuti simenti ikhwime, kenako papakidwe penti wapansi yemwe amatseka timabowo tija. Akulu adati madzi akatayika saoleka. Oyilo yekha amaoleka, bola phulusa lifike msanga.